Mpando, Msewu ndi Msana: Kuchokera ku Ndege Zopanda Injini Kufika pa Kabaza wa ku Chisepo

Kupweteka kwa msana wa m'munsi, kumene ambiri amangoti kupweteka kwa m'chiuno, ndi vuto limene limalepheretsa anthu ambiri kugwira ntchito kuposa nthenda ina iliyonse padziko lapansi. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi vutoli, ndipo pofika 2050 chiwerengerocho chidzafika 843 miliyoni. Pa odwala 10 alionse, pafupifupi 9 sapezeka ndi fupa lothyoka kapena nthenda yodziwika dzina. Msana umangokhala utatopa ndi momwe mwiniwake amaugwiritsira ntchito, ndipo pakati pa ntchito zoutopetsa pali imodzi imene anthu saiona ngati ntchito: kukhala pansi nthawi yaitali pa chinthu chimene chikuyenda ndi kugwedezeka.

Ku Chisepo, m'boma la Dowa, ndi m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, anthu a moyo wotere alipo ambiri. Pali anyamata a kabaza wa njinga zamoto ndi zakapalasa, madalaivala a minibasi ndi timagalimoto ta Sienta toloza ku Mponela, ku Madisi ndi ku Lilongwe, oyendetsa ngolo, ndi a malole onyamula fodya kupita ku Kanengo. Komabe gulu limene nkhani ya mpando linaifufuza mozama ndi la anthu akutali ndi misewu imeneyi: owulutsa ndege zopanda injini. Zimene iwo anapeza zikutsutsana ndi zimene anthu ambiri amachita akafuna kuti pokhala pawo pafewe.

Momwe msana unapangidwira

Msana wa munthu uli ndi mafupa 33 osanjikizana: 7 a m'khosi, 12 a kumbuyo kwa chifuwa, 5 a m'chiuno, kenako 5 omatana amene amalumikiza msana ndi mafupa aakulu a chiuno, ndi 4 ang'onoang'ono a kumapeto. Pakati pa mafupa amene amatha kuyenda pali tizigawo tofewa 23 totchedwa madisiki. Disiki iliyonse ndi yolimba kunja koma pakati pake ndi ya madzimadzi, ndipo ntchito yake ndi kulandira kulemera kwa thupi kuti fupa lisakhulane ndi linzake. Mkati mwa disiki ya munthu wamkulu simudutsa mitsempha ya magazi. Chakudya chimalowamo mochita kuyamwidwa pamene disikiyo ikufinyika ndi kumasuka, ndiye kuti munthu akamayenda kapena kusintha kakhalidwe. Wokhala malo amodzi osasuntha amaimana chakudya.

Munthu akaimirira, mafupa 5 a m'chiuno aja amapindikira pang'ono kutsogolo, n'chifukwa chake pamwamba pa matako pamakhala polowa. Akakhala pansi, chiuno chimagwera kumbuyo, polowa paja pamawongoka kapena kutuluka kumene, ndipo mbali yakutsogolo ya madisiki imapanikizika. Dokotala wa ku America, J. Jay Keegan, anasonyeza mu 1953 kuti msana wa m'munsi umasunga mapindidwe ake achibadwa pamene ntchafu ndi thunthu zatseguka pafupifupi madigiri 135, osati 90 amene mipando yambiri imakakamiza.

Alf Nachemson wa ku Sweden anayamba kuyeza kupanikizika kwa m'kati mwa disiki m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1999 gulu la Hans-Joachim Wilke ku Germany linabwerezanso ndi zida zatsopano. Pa muyeso wa megapascal, kugona chagada kunapereka 0.1, kuimirira 0.5, kukhala mowongoka popanda chotsamira 0.46, kukhala chowerama kwambiri 0.83, ndipo kukhala motsamira mpando momasuka kunatsitsa muyesowo kufika pafupifupi 0.3. Kunyamula katundu wa makilogalamu 20 chowerama, maondo ali chiwongokere, kunafika 2.3, kupinda maondo kunatsitsa kufika 1.7, ndipo kuyandikitsa katunduyo kuthupi kunafika 1.1. Manambalawa anachokera kwa mwamuna mmodzi yekha, choncho sangaimire aliyense, koma ndondomeko yake ndi yomveka: kukhala pansi pakokha si mlandu waukulu. Zimene zimavutitsa ndi kuwerama, kusasuntha, ndi katundu amene ali patali ndi thupi.

Kugwedezeka

Pa chinthu choyenda pamawonjezereka vuto lina. Thunthu la munthu wokhala pansi limagwedezeka kwambiri ngati mpando ukukwera ndi kutsika ka 4 mpaka ka 8 pa sekondi imodzi, moti pa mlingo umenewo msana umalandira kugwedezeka koposa kwa mpandowo. Maiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo mu 2002 loika malire a kugwedezeka kumene wantchito angalandire pa maola 8, mwa zina pofuna kuteteza msana.

Misewu yambiri yolowa m'midzi ya ku Dowa ndi Ntchisi ndi yafumbi. M'chilimwe imachita timitumbira topingasa timene timanjenjemeretsa njinga mosalekeza, ndipo m'dzinja madzi otsika m'mapiri amakumba ngalande ndi maenje. Zimenezi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kunjenjemera kosalekeza kumatopetsa minofu imene imagwira msana. Kugwera m'dzenje ndi nkhonya imodzi yamphamvu yochokera pansi, ndipo ikapeza minofu itatopa kale, madisiki ndi mafupa ndiwo amailandira. Mpando wabwino uyenera kuthana ndi zonse ziwiri, ndipo apa ndi pamene nkhani ya ndege zija ikubwera.

Zimene owulutsa ndege zopanda injini anapeza

Ndege yopanda injini imakokedwa ndi ndege ina kapena ndi chingwe cha makina kufikira itakwera, kenako imamasulidwa n'kumayandama pa mphepo yotentha yokwera m'mwamba, monga amachitira kabawi masana a mwezi wa Okutobala. Kuuluka kotereku ndi masewera ofala ku Germany, ku Britain ndi ku Poland, ndipo kuno kummwera kwa Africa amachitikira ku Gariep Dam ku South Africa ndi ku Bitterwasser ku Namibia. Ulendo umodzi umatha maola ambiri. Mu 2003 Klaus Ohlmann anauluka makilomita 3,008 tsiku limodzi m'mapiri a Andes ku Argentina. Nthawi yonseyo woyendetsa amakhala m'kachipinda kothina, atatsamira chagada, atamangidwa malamba, parachuti ili kumsana. Sangaimirire, sangatembenuke. Potera, ndegeyo imadalira tayala limodzi la pansi pa mimba yake, ndipo nthawi zina imatera m'munda wa eni mphepo ikatha. Kuthyoka kwa msana kwatsatira masewerawa kuyambira pachiyambi: Otto Lilienthal, amene anawayambitsa, anamwalira mu 1896 atathyoka fupa la m'khosi ndege yake itagwa.

Kwa zaka zambiri oyendetsa ankayala siponji yofewa pa mpando kuti asamve kuwawa. Dokotala wina wa ku Britain amene analinso wowulutsa ndegezi, Tony Segal, anayesa zimenezi ku Farnborough m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 pogwiritsa ntchito zidole zoyezera ngozi. Anapeza kuti siponji yofewa imawonjezera mphamvu imene imafika pa msana ndege ikatera mogunda. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ndege ikagunda pansi, mpando umaima n'kuyamba kubwerera m'mwamba, koma thupi limapitiriza kutsika pamene siponji ikufinyika popanda kuligwira. Siponjiyo ikafika pothera, matako amakumana ndi mpando wolimba mwadzidzidzi, ndipo kugundanako kumakula kuposa mmene kukanakhalira munthuyo akanakhala pa mpando wopanda kanthu. Kenako siponji imabweza mphamvu imene inasunga n'kumuponyera munthu m'mwamba.

Chimene chinathandiza ndi siponji ya mtundu wina, yolimba, imene ikafinyidwa imabwerera pang'onopang'ono. Mayina ake a malonda ndi monga Confor ndi Dynafoam. Munthu akangokhalapo imaoneka ngati youma, koma ikatenthedwa ndi thupi imatsatira maonekedwe a matako n'kugawa kulemera ponseponse, ndipo ikalandira nkhonya imaimeza m'malo moibweza. Bungwe la British Gliding Association limalangiza mamembala ake kugwiritsa ntchito siponji yotereyi ndi kupewa yofewa. Limachenjezanso za mitsamiro yofewa ya kumsana, chifukwa chingwe chikakoka ndege mwamphamvu ponyamuka, mtsamiro umafinyika, woyendetsa amaterereka n'kubwerera kumbuyo, ndipo mapazi ake amasiyana ndi zopondera zowongolera.

Chinthu chachiwiri ndi polowa pa msana paja. Parachuti ndi thumba lophwatalala losatsatira maonekedwe a msana, motero pakati pa chiuno ndi parachuti pamatsala mpata umene msana umagweramo. Oyendetsa ambiri amatsekapo ndi kamtsamiro kolimba, ndipo ena amachita kuumbitsa kachigoba koyezedwa pa msana wawo. Enanso amaika kochirikiza pansi pa ntchafu kuti kulemera kusathere pa mafupa awiri okhalira okha. Pa zonsezi palibe chofewa. Chimene chimapumitsa msana pa ulendo wautali ndi kuchirikizidwa, osati kumira.

Pa chishalo cha kabaza

Njinga yamoto imene ikunyamula anthu ndi matumba tsiku lililonse, siponji ya chishalo chake sichedwa kufota. Zikatere ambiri amadula chidutswa cha matiresi akale n'kuchimangirira pamwamba ndi malegeni. Pa ola loyamba pamamveka bwino, koma m'dzenje siponji ya matiresi imachita zomwe zija Segal anaona: imamira mpaka pansi, kenako imabweza. Imakwezanso woyendetsa, kotero amafika pa mahandulo mowerama kuposa kale. Njira yabwino ndi kupita kwa okonza mipando kuti achotse siponji yofotayo n'kuikapo yolimba, monga ija yopangidwa ndi tizidutswa tomatidwa pamodzi, ndi kansalu kochepa ka siponji yofewa pamwamba. Siponji imeneyi si yofanana ndi ya m'ndege, koma simira msanga. Kuyesa kwake n'kwa chala chachikulu: chikadinikizidwa n'kufika pa pulasitiki kapena chitsulo cha pansi, siponjiyo yatha ntchito.

Komabe chishalo ndi gawo laling'ono chabe. Ntchito yaikulu yomeza mabampu ndi ya mashoko ndi matayala. Mashoko amene atayikira mafuta amasiya sipuling'i yokha ikudumphadumpha, ndipo njinga yolemedwa kupyola muyeso imawafinya mpaka pothera, moti dzenje lililonse limadutsa m'chitsulo n'kukathera mumsana. Mashoko ambiri a kumbuyo ali ndi mphete ya masitepe yolimbitsira kapena kufewetsera sipuling'i molingana ndi katundu, ngakhale oyendetsa ambiri saikhudza kuyambira tsiku logula njinga. Tayala lopopedwa mopitirira, chifukwa choopa kuti lingaphwe ndi katundu, limanjanja pa timitumbira ta msewu.

Kukweza anthu awiri kapena atatu kuli ndi mtengo wake pa msana wa woyendetsa, kuwonjezera pa ngozi ndi kuphwanya lamulo. Iye amakankhidwira kutsogolo mpaka kukhala pa thanki, pamene palibe siponji, maondo atakwera, chiuno chitagwera kumbuyo. Kakhalidwe kameneka ndi komwe kaja kanapereka muyeso waukulu kwa munthu wokhala pansi pa kuyeza kwa Wilke, ndipo apa kakuchitika pa msewu wogwedeza. Woyendetsa wodziwa amachepetsa liwiro asanafike pa dzenje n'kudzuka pang'ono pa zopondera kuti maondo alandire nkhonyayo. Mahandulo amatha kumasulidwa n'kupendeketsedwa pang'ono kuti zigongono zizikhala zopindika, mapewa ali omasuka. Ndipo pa siteji, podikira makasitomala, palibe chomukakamiza kukhalabe pa njinga atawerama pa foni. Mphindi zimenezo ndi zimene wowulutsa ndege alibe, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amene ali nazo amazitaya.

Wa kabaza wa njinga yakapalasa vuto lake nthawi zambiri ndi kutalika kwa chishalo. Chidendene chikaponda pedulo ili pansi penipeni, mwendo uyenera kuwongoka popanda chiuno kupendekeka. Chishalo chokwera kwambiri chimagwedeza chiuno uku ndi uku pa kupalasa kulikonse, ndipo choloza m'mwamba kutsogolo chimakakamiza msana kupindika. M'zitunda za ku Ntchisi, kumene njinga ya matumba imakankhidwa nthawi yaitali kuposa imene imapalasidwa, thunthu limakhala lopotokera mbali imodzi. Kusinthasintha mbali yokankhira kumagawa ntchitoyo.

M'galimoto, pa ngolo ndi m'chigafa

Dalaivala ali ndi mwayi wa chotsamira. Chikhale chopendekera kumbuyo pang'ono, pakati pa madigiri 100 ndi 110, ndipo mpando uyandikire mokwanira kuti phazi lipondereze kilatchi mpaka pansi bondo lisanawongoke. Matako afike kumbuyo kwenikweni kwa mpando. Thaulo kapena chitenje chokulungidwa molimba, chochindikala masentimita 4 kapena 5, chikaikidwa pa mzere wa lamba wa buluku, chimagwira ntchito ya kachigoba ka owulutsa ndege kaja. Chikwama cha ndalama chotupa m'thumba la kumbuyo chimapendeketsa chiuno ulendo wonse, chimodzimodzi chizolowezi chotsamiritsa chigongono pa windo.

Ngolo ilibe masipuling'i, choncho thumba lodzazidwa bwino ndi madeya limaposa thabwa ndipo limaposanso matiresi. Pa nthawi yosankha fodya, anthu amakhala pa mphasa m'chigafa tsiku lonse, miyendo itatambasulidwa, thunthu litagwera kutsogolo. Kampando kakafupi kapena chitsa, ndi thandala lokweza fodya kufika m'chiuno, zimasintha zambiri. Telala wa pa khonde la golosale naye amathandizika mpando wake ukakwera kufikira maondo atatsika pang'ono kuposa chiuno.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi imene ulendo wangotha. Akatswiri a ku Canada anasonyeza mu 1992 kuti munthu akakhala chowerama mphindi 20, minyewa yomanga mafupa a msana imatamuka, ndipo ngakhale patapita mphindi 30 imakhala isanabwerere mwakale kotheratu. Wa kabaza amene wafika pa msika n'kuyamba pomwepo kutsitsa thumba la makilogalamu 50 la chimanga kapena soya akunyamula ndi msana wolobodoka. Kuimirira kaye, kuyenda pang'ono, kugwira m'chiuno n'kupindikira kumbuyo kangapo, ndiyeno kunyamula thumba likukhudza thupi, maondo atapindika, popanda kupotoka, kumachepetsa ngoziyo. Owulutsa ndege nawo amadandaula zomwezi, chifukwa akatera amayenera kunyamula mapiko olemera n'kuwalowetsa m'ngolo yake. Belo la fodya si katundu wa munthu mmodzi.

Ululu ukayamba

Kupweteka kwa msana kongobwera kumene nthawi zambiri kumachepa kwambiri pasanathe masabata 6. Kale odwala ankauzidwa kugona. Lero zadziwika kuti kugona masiku ambiri kumachedwetsa kuchira, ndipo woyendayenda ndi kugwira tintchito topepuka amadzuka msanga. Kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda kumapumitsa minofu. Malangizo amene WHO inatulutsa mu Disembala 2023 okhudza ululu wokhalitsa amaika patsogolo kuphunzitsa wodwala, mafizo ndi masewera olimbitsa thupi, kusisita, ndi mankhwala ochepetsa kutupa kwa nthawi yochepa. Amaletsa kudalira malamba omanga m'chiuno, makina okoka msana, ndi mankhwala amphamvu a gulu la morphine. Kusuta fodya kumachepetsa magazi ofika pafupi ndi madisiki, ndipo osuta amadwala msana kawirikawiri.

Pa mankhwala ndi pamene pali chisokonezo chachikulu. Kafukufuku wa ku Australia amene anasindikizidwa mu 2014 anapeza kuti paracetamol, amene ali mu Panado, sanafulumizitse kuchira kwa msana kuposa mapiritsi opanda mankhwala. Bufeni, diclofenac ndi indosidi amathandiza, koma akamwedwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba mulibe kanthu kapena pamodzi ndi mowa, amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso. Chizolowezi chogula mapiritsi awiriawiri pa okala m'mawa uliwonse kuti ntchito itheke ndi choopsa kuposa ululu umene chikubisa. Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir, odwala kuthamanga kwa magazi kapena shuga, ndi amayi oyembekezera, ayenera kufunsa achipatala asanamwe mankhwalawa.

Pali chikhulupiriro chofala pakati pa amuna chakuti msana umapweteka chifukwa chokhalitsa osagona ndi mkazi. Palibe mgwirizano uliwonse pakati pa ziwirizi, ndipo amene apita kukafuna machiritso otero ena abwerako ndi matenda enieni. Mphini nazo sizifika pa disiki, ndipo lezala lobwerekana limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi. Kuumirira kujambulidwa si nzeru nthawi zonse: kafukufuku wa mu 2015 anapeza kuti pa anthu 100 a zaka 20 amene samva ululu uliwonse, 37 amaoneka ndi madisiki operepeseka pa makina ojambulira, ndipo pa a zaka 80 chiwerengerocho ndi 96. Chithunzi chikhoza kuopsa munthu amene msana wake uli bwino.

Pamene nkhani si ya mpando

Wodwala mmodzi pa 10 uja ndiye ayenera kuzindikiridwa msanga. Ululu wotsika m'mwendo kupyola bondo, wokhala ndi dzanzi kapena phazi lokwekwereza, umasonyeza kuti mtsempha wapanikizika. Ululu umene sumasiya ngakhale munthu atagona, wotsagana ndi kuwonda, kutentha thupi, thukuta la usiku, kapena kachinunda kotuluka pa msana, ukhoza kukhala chifuwa chachikulu cha m'mafupa, nthenda imene Percivall Pott anailongosola mu 1779 ndipo imapezekabe m'Malawi, makamaka mwa amene ali ndi HIV. Imachizika, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma, koma amamwedwa miyezi yambiri kuposa a chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Ululu wa m'mbali pansi pa nthiti, wokhala ndi kutentha pokodza kapena magazi mu mkodzo, umaloza ku impso kapena likodzo. Munthu amene wagwa pa njinga n'kumva msana kupweteka kwambiri asakhazikidwe pa njinga ina. Anyamulidwe chogona pa chitseko kapena thabwa, mutu ndi thunthu zili pa mzere umodzi.

Chithandizo chimayambira pa chipatala chaching'ono cha m'deralo, kumene wodwala amatumizidwa ku Mponela, ku Madisi, kapena ku zipatala za maboma ku Dowa ndi ku Ntchisi. M'zipatala za maboma mumagwira ntchito madokotala othandizira a za mafupa, amene maphunziro awo anayamba m'dziko muno mu 1985, ndipo maphunziro a digiri ya mafizo anayamba ku College of Medicine mu 2010. Matenda ofuna opaleshoni amapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chinatsegulidwa mu 2023. Pa zizindikiro zonse, zosadikira kuti kuche ndi izi: dzanzi la pakati pa miyendo ndi kumatako, kulephera kukodza kapena kusunga mkodzo ndi chimbudzi, ndi kufooka kwa miyendo yonse iwiri. Zimatanthauza kuti mitsempha ya kumapeto kwa msana yafinyidwa, ndipo opaleshoni ikachedwa ndi masiku ochepa chabe, munthu amatha kulumala moyo wake wonse.